Kamboni ka a Zilembo

Abusa, akuluakulu a mpingo, achibale, anansi, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzatigwira dzanja. Amene agona m'bokosimu ndi bambo athu. Dzina lawo la pa chiphaso mwaliwerenga pa mtandapo, koma dera lonse linkawatchula kuti a Zilembo, ndipo ngakhale amayi ankawaitana choncho akawapsetsa mtima. Anabadwa m'chaka cha 1961, m'nyumba ya lendi kuseri kwa malo ochekera matabwa, ndipo anali achitatu kubadwa. Mbiri yawo si yaitali. Tiinena yonse, ndi pamene ena akanakonda kuti tidumphe pomwe.

Sukulu anaiyamba mochedwa. Masamu ankawazunguza mutu, koma choko chinkawamvera. Aphunzitsi akafuna mapu kapena mtima wa munthu pa bolodi, ankaitana iwowo, anzawo akusewera mpira panja. Anafika chaka chachiwiri cha sekondale, bambo awo n'kumwalira, sukulu n'kuthera pomwepo. Palibe anawafunsa ngati akufuna kusiya. Anawapereka kwa mmisiri wina wolemba zikwangwani, ndipo anakhala nthawi yaitali akutsuka mabulashi ndi kugwirira makwerero asanaloledwe kulemba ngakhale chilembo chimodzi.

Atawalola, dzanja lawo linadziwika msanga. Ankalemba zilembo zowongoka popanda lula, ali pamwamba pa makwerero, mphepo ikuwakankha. Ankajambula nsapato, sizasi, nkhuku, botolo, loko ndi makiyi ake, mwakuti ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga sankasochera sitolo. Koma nkhope ya munthu inawakana. Mmisiri uja anawaphunzitsa nkhope imodzi yokha, ya pa khoma la ometa tsitsi: chipumi chachikulu, maso oyandikana, khosi ngati chitsa. Dzanja linaizolowera n'kukana kuiiwala. Akati ajambule mwana, pankatuluka bambo yemwe uja, atangochepa. Akati ajambule gogo, bambo yemwe uja ali ndi imvi. Anthu ankaseka kuti a Zilembo ali ndi mwana pa khoma lililonse, ndipo onse anatengera kuchimuna. Malemu ankaseka nawo pamsewu. Akafika kunyumba sankaseka.

M'chaka cha 1987 anamanga banja ndi amayi athu, amene ntchito yawo ndi ya utelala. Anadziwana pamene malemu anapita kukalemba chikwangwani cha pa khonde pamene amayi ankasokera. Pofunsira analibe zambiri zolonjeza, choncho analonjeza chimene ankaganiza kuti ali nacho: kuti adzawajambula nkhope yawo pa pepala labwino, n'kuipachika m'nyumba. Ukwati utangochitika anayesa. Pa pepala panatuluka bambo wa kwa ometa tsitsi uja atavala duku. Amayi anaseka mpaka kukhala pansi, malemu n'kung'amba pepalalo. Kuyambira pamenepo, akabwera kunyumba zala zili penti yekhayekha, amayi ankawalonjera kuti, “Nkhope yanga ija yauma?” Kwa amayi inali nthabwala ya m'banja. Kwa malemu linali lonjezo losakwaniritsidwa, ndipo analisenza zaka zonse zimene analera ife.

Ku mpingo anali munthu wofika msanga ndi wochoka mochedwa. Sankaimba, chifukwa mawu awo ankasokoneza oyandikana nawo, ndipo ankadziwa. Mawu amene ali pamwamba pa guwa analemba ndi iwowo, ndi bolodi la manambala a nyimbo lomwe. Penti ikasuluka ankabwera ndi makwerero awo osadikira kuti komiti ikhale pansi.

Kenako ntchito inayamba kuwathawa. Kunabwera masitolo a makina akuluakulu osindikiza zikwangwani pa nsalu ya pulasitiki, m'mawa kupereka mawu, masana kukapachika. Makasitomala akale ankawapatsa moni wa ulemu n'kupitirira. Malemu sanatukwane makinawo. Ankangoima pansi pa chikwangwani chatsopano, n'kupukusa mutu poona mmene zilembo zapanikizirana, n'kubwerera kunyumba ndi bulashi youma m'thumba. M'zaka zomwezo kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Diso lakumanzere linayamba kuchita chifunga mpaka linazimiratu. Tinkayesa ndi ng'ala yoti akapala, koma adokotala anati shuga wadya kuseri kwa diso, ndipo lakumanja nalo likutsatira, lingochedwerapo. Atamva zimenezo sanadandaule za makwerero kapena za msewu. Panjira yobwerera anangoti, “Ndiye kuti nkhope ija ndiyenera kufulumira nayo.”

Mnansi wathu wokonza mafoni ndi makompyuta anali ndi pulinta ina pa shelefu, imene mwiniwake anaisiya itawonongeka osabweranso. Si pulinta ya mapepala ayi. Ndi kamakina kokhala pa tebulo, kukula kwake ngati kreti ya mabotolo, kamene kamadya ulusi wa pulasitiki wokulungidwa pa gudumu, kuusungunula pa kamlomo kotentha, n'kumauyala mzere pamwamba pa mzere mpaka chinthu chitaumbika. Mnansiyo anawapatsa malemu kuti aziseweretsa, poona kuti akungokhala. Malemu anaimasula yonse, napeza kuti kamlomo kanatsekeka ndipo lamba wina anamasuka. Kagwiritsidwe kake anaphunzira okha pa mavidiyo a pa foni, foniyo ataigunditsa pa mphuno. Zoyamba kutuluka sizinali zinthu. Zinali zisa za ulusi wopiringizika. Nyumba inkanunkha pulasitiki wopserera. Magetsi akazima chinthu chili pakati, ankachitaya n'kuyambiranso. Amayi anawagawira theka la tebulo lawo lodulira nsalu, ndi chenjezo lakuti pulasitiki akadzangodonthera pa diresi la mwini, pulinta ndi mwiniwake adzagona panja.

Ambiri munkaganiza kuti akupanga zidole. Ankapanga chida chothandiza kujambula, chimene anachiona pa mavidiyo omwewo, ndipo tikufuna muchimvetse, chifukwa chinanenedwa zambiri ndi anthu amene sanayang'anemo. Ndi kabokosi kochepa kuposa chibakera. M'kati mwake muli kachidutswa ka kalilole ndi kachidutswa ka galasi loonekera, zopendekeka moyang'anana. Kamaima pa kamtengo kopanidwa m'mphepete mwa tebulo. Munthu ukatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana pansi kudzera pa kabowo kake, umaona pepala lako ndi nsonga ya pensulo, ndipo pa pepala lomwelo pamaoneka chithunzithunzi cha amene wakhala patsogolo pako, ngati mthunzi wa m'madzi. Pa pepalapo sipalembeka kanthu. Ukachotsa diso, pepala ndi loyera. Kujambula ujambula wekha, kutsatira chimene ukuona. Malemu anakatcha Kamboni, chifukwa ankati kamanena chokhacho chimene kaona, pamene dzanja lawo linkanena zimene linaloweza. Ndipo chinawasangalatsa koposa n'chakuti Kamboni safuna maso awiri.

Ntchito ya pulinta inali kuumba kabokosiko kuti magalasi akhale mopendekeka ndendende, chifukwa akaphonya pang'ono pokha chithunzi chimapotoka. Magalasi anawadulira mnzawo wakalekale, wodula magalasi a mawindo, kuchokera ku zidutswa zotaya. Koyamba malemu anaikamo galasi limodzi lokha, kapu ya tiyi imene anayesera kujambula n'kuoneka chadodolido. Kachiwiri kanakhala bwino, koma anakaiwala pa windo masana, dzuwa n'kufewetsa pulasitiki, kabokosi n'kupindika mosaoneka ndi maso. Tsiku limenelo anajambula alamu awo, achimwene a amayi. Malemu anatsatira mokhulupirika chimene Kamboni kanawaonetsa, ndipo nkhope inatuluka yaitali ngati ya bulu. Alamuwo anati, “Alamu, ngati muli nane chifukwa, nenani pakamwa.” Anakhala osabwera kunyumba mpaka amayi anachita kukawatenga. Malume, lero tikukuuzani pagulu: linali dzuwa.

Panalinso vuto la kuwala. Pepala likawala kwambiri, nkhope imazimirira. Nkhope ikawala kwambiri, nsonga ya pensulo ndiyo imasowa. M'chipinda chathu zinkagwirizana masana okha, dzuwa likapendeka n'kudutsa pamwamba pa mpanda wa anansi, ndipo sizinkakhalitsa. Mutu wa wojambula nawo suyenera kusuntha, choncho anadziumbira kotsamiritsa chibwano. Zonse zitakhala m'malo, anakhazika pa mpando mnzawo wodula magalasi uja. Pa pepala panatuluka munthuyo: mphuno yake yopindikira kumodzi, chikope chake chogwa, chipsera cha pa chibwano. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo, bambo wa kwa ometa tsitsi sanabwere. Malemu analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako anatuluka panja n'kukaima kuseri kwa nyumba. Sitinawatsatire.

Apa ndi pamene ena akanakonda tidumphe. M'dera lathu muli gulu la ojambula, ndipo malemu anali m'gululo kuyambira pamene linkakumana pansi pa mtengo. Gululo linakonza chionetsero mu holo. Malemu anapita ndi chithunzi cha wodula magalasi, ndipo anachipachika pabwino. Atsogoleri a gulu anachiyamikira, nafunsa kuti dzanja lasintha bwanji pa ukalamba. Malemu, mwa chimwemwe chawo, anatulutsa Kamboni m'thumba kuti anzawo ayang'anemo, poganiza kuti kathandizanso ena amene maso akuwathera. Palibe anayang'anamo. Anati uku n'kubera, kuti ngakhale mwana angathe, kuti chithunzi chotere chikunyozetsa amisiri enieni. Anachitsitsa pakhoma anthu akuona. Anthu omwewo amajambula kuchokera pa zithunzi za m'foni, ena amachita kuwalitsa chithunzi pa khoma ndi makina n'kumatsatira, ndipo tonse timadziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amatseka chitseko, pamene a Zilembo anaonetsa. A gulu la ojambula, nkhata yanu ya maluwa taiona, ndipo taiika pamodzi ndi zinazo. Sitikubwezerani. Koma mumve chimene munawalanda.

Malemu anakwapatira chithunzi chawo n'kubwera wapansi. Anaika Kamboni m'katoni, pulinta n'kuiphimba ndi nsalu, ndipo dzinja lonse linadutsa osazikhudza. Ankakhala pa khonde kumvera wailesi. Tikawafunsa ankati mwina anzawowo akunena zoona, kuti munthu amene walephera ndi dzanja azivomera. Miyezi imeneyo ndiyo inali yomaliza imene diso lakumanja linali ndi mphamvu. Ikanakwana kujambula amayi, ife, ndi zidzukulu zomwe. Inathera pa khonde.

Amene anathetsa zimenezi ndi amayi. Tsiku lina masana anatseka makina osokera, kasitomala akudikira, navala diresi lawo la Lamlungu ndi duku, natulutsa katoni ija n'kuiika pa tebulo. Anakhala pa mpando wa pa windo n'kunena kuti, “A Zilembo, ndakhalatu pano. Mukudikira ndikalambe kawiri? A gulu lanuwo si amene munawalonjeza.” Malemu anadzuka pa khonde.

Ntchito imeneyi inayenda pang'onopang'ono, ndipo inatopetsa onse awiri. Diso linkaona pakati pokha, m'mbali muli chifunga, mwakuti ankajambula kachigawo kamodzi pa tsiku, misozi ikutsika chifukwa chotong'ola diso. Masiku ena kunkachita mitambo. Masiku ena miyendo inkatupa moti sankatha kukhala pa tebulo. Masiku ena amayi anali ndi mayunifolomu oti atuluke mawa lake. Kuti amayi azibwerera pamalo pomwepo, malemu analemba ndi choko pansi pozungulira miyendo ya mpando, ndi pa khoma potsamira mutu, ndipo m'nyumba monse tinaletsedwa kukolopa pamenepo. Anayamba ndi maso. Kenako mphuno, ndi timabala tiwiri timene magalasi owerengera anasiya pa mphunopo. Kenako makutu, duku ndi mfundo yake, makwinya a pa khosi, amene amayi anapempha kuti awachepetse koma malemu anati Kamboni salandira ziphuphu.

Panatsala pakamwa. Amayi athu moyo wawo wonse akhala akuuza anthu kuti aime chilili pamene akuwayeza, koma iwo kukhala chete sanaphunzire. Ali pa mpandopo ankafotokoza za kasitomala amene wanenepa koma akuti nsalu ndiyo yafota, za mwana amene saimba foni, za mpopi wodontha. Malemu akati, “Mayi, tatsekani pakamwa kamphindi,” amayi ankayankha kuti, “Ndatsekatu, simukuona?” n'kukhala kuti pasunthanso. Chithunzi chinakhala masabata chili ndi zonse, koma pansi pa mphuno pali poyera. Alendo akachiona ankati a Zilembo apeza njira yopezera mtendere m'nyumba.

Mwezi wathawu adokotala anati impso zatopa, ndipo malemu ayenera kugonekedwa. Anapempha kuti awalole kukagona kunyumba kaye, abwere mawa lake. Masana amenewo dzuwa linatuluka. Tinawanyamula kuwakhazika pa tebulo, chibwano pa chotsamira chija. Amayi anali atamva zonse zimene adokotala ananena. Anakhala pa mpando, mutu pa choko, natseka pakamwa mwamphamvu, osaphethira n'komwe. Kwa nthawi yoyamba anakhala mmene malemu ankawapemphera. Malemu anayang'ana mu Kamboni nthawi yaitali, pensulo ili m'mwamba. Kenako anaiika pansi n'kunena kuti, “Mayi awa sindikuwadziwa. Pakamwa apa mwabwereka kwa ndani?” Amayi analimbitsa milomo, chifukwa akanatsegula pakanatuluka kulira. Dzuwa linali likutsetsereka pa mpanda. Ndiye malemu anati, “Paja ndinaiwala kukuuzani. Sizasi yanu ya nsalu ija, yaikulu ija, ndinadulira waya dzana.”

Amene munakhalapo ndi telala mukudziwa kuti zimenezo ndi zotani. Amayi anaiwala adokotala, anaiwala impso. Anawauza malemu za sizasiyo, za kumene inachokera, za anthu amene amagwira zinthu za eni ndi manja a penti, za pulasitiki, za tebulo lawo limene linalandidwa masanasana. Mutu sanausunthe pa choko, koma pakamwa pankagwira ntchito yake. Ndipo malemu anatola pensulo n'kuyamba kuthamangitsa milomoyo. Ikatseguka ankalemba, ikapita kumbali ankailondola, mzere pamwamba pa mzere, osafufuta ngakhale umodzi. Anasiya pamene kuwala kunachoka pa pepala. Anati, “Yauma.” Amayi anathamangira ku kabati, n'kupeza sizasi ili bwinobwino m'nsalu yake.

Mawa lake anagonekedwa m'chipatala. Diso lija linazima sabata yoyamba. Sanadandaule, anangopempha kuti wailesi ikhale pafupi. Amayi sanachoke pambali pawo. Anatisiya Lachiwiri lapitali m'mawa, anamwino akusintha mabedi.

Chithunzicho chapachikidwa pamwamba pa makina osokera. Maso ndi mphuno n'zosalala, zojambulidwa mosamala. Pakamwa pali mizere yambirimbiri yopingasana, ndipo wosawadziwa amayi anganene kuti wojambula analakwitsa. Koma aliyense wowadziwa amene walowa m'nyumba masiku a maliro ano, akachiona amayamba waseka, kenako n'kugwira pakamwa pake. A gulu la ojambula, khomo ndi lotsegula. Mubwere mudzachione, ndipo ulendo uno muyang'anemo mu Kamboni musananene kanthu. Ife sitikudziwa ngati ndi luso kapena si luso. Tikudziwa kuti ndi amayi athu. Chichokereni kuchipatala Lachiwiri, amayi sanalankhule mawu opitirira moni. Pakali pano amene akulankhula m'nyumba mwathu ndi a pa pepalawo.

Malemu asiya mkazi wawo, ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu, mlongo wawo mmodzi amene watsala yekha m'mimba mwawo, ndi alamu awo.

Bambo, munatopa mokwanira. Tsinzinani maso onse awiri tsopano. Apumule mu mtendere a Zilembo.